Ndalama za penshoni ndi zathu, nanga kumisonkhano ya masheya amativotera ndani?

Bambo a Tadala: Anzanga, ndili ndi nkhani. Kuntchito kwathu ku Makata atigawira masitetimenti a penshoni. Kumbuyo kwake alemba komwe anaika ndalama zathu: zambiri zili m'masheya a makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, zina anabwereketsa boma, zotsala zili m'nyumba zochititsa lendi. Ndiye ngati ndalama zomwe amatidula mwezi ndi mwezi ndi zomwe zinagula masheya m'mabanki ndi m'makampani a mafoni, ifeyo si eni ake ena a makampaniwo? Kumsonkhano wa eni masheya amatiyankhulira ndani? Amavota bwanji? Anayamba watifunsapo?

Achimwene a ku Mbayani: Kikiki eni ake a banki akudikira minibasi pa Ginnery Corner, thumba lili gwa ndi ngongole ya katapila. Mwadzuka bwanji mabwana athu?

Bambo a Tadala: Sekani achimwene, koma sitetimenti ili m'manja mwangamu.

Nachisale: Bambo a Tadala sakunama. Ine ndimagwira za maakaunti ku Limbe, ndipo ndimapanga malipiro a anthu. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, bwana amayenera kuika 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ako, iwe nkudulidwa 5. Ndalamazo sizikhala m'sefa. Zimapita kukampani yoyendetsa thumba la penshoni, iyo nkugula nazo masheya ndi mapepala a ngongole za boma. Msika wathu wa masheya ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20, ndiye ndalama za penshoni zikalowamo zimaoneka ndithu. Mukatsegula lipoti lapachaka la kampani iliyonse ili pamsikapo, pitani patsamba la eni masheya akuluakulu. Mupeza mayina monga Old Mutual ndi NICO akubwerezedwa. Gawo lina la ndalama zomwe makampani amenewo amasunga ndi za anthu ngati ife.

Mai a Chisomo: Pepani ndikudulani pakamwa. Inu mwafika kale pa masheya, ena a ife ndalamayo sifika nkomwe kuthumba. Ndimaphunzitsa pasukulu ina yoti si ya boma. Papeyisilipi penshoni amadula bwinobwino, mwezi sulumpha. Nditapita kukafunsa sitetimenti kukampani yosunga ndalamazo, mtsikana wa pakauntala anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Mizere ya miyezi yambirimbiri inali yopanda kanthu. Kubwerera kusukulu, eni ake akuti makolo sakulipira fizi, tidekhe. Koma ine anandidula kale!

Nachisale: Mayi, kumeneko nkuphwanya lamulo, palibe za kudekha. Ndalama ikadulidwa siikhalanso ya sukulu. Kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank. Ofesi yawo muno mu Blantyre ilipo. Tengani mapeyisilipi onse ndi sitetimenti yomwe munaonayo, musapite chimanjamanja. Ndipo funsaninso za inshuwalansi ya moyo, chifukwa lamulo lomwelo limati bwana akulembetseni inshuwalansi yoti mutamwalira muli pantchito, ana alandirepo kanthu. Bwana wosatumiza penshoni kawirikawiri inshuwalansiyonso salipira.

Mai a Chisomo: Ndikapita ndekha adziwa kuti ndine. Ntchito ithera pomwepo.

Bambo a Tadala: Nchifukwa chake pali yuniyoni mayi. Kalata ikachokera ku bungwe, dzina lanu silioneka lokha. Ndilembereni kumbali tikambirane.

Madala a ku Chigumula: Ana inu, mundilole ndiyankhuleko. Ine za masheyazi sindikuzikhulupirira. Mu May 1992 ndinali muno m'tauni pamene ogwira ntchito kufakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito. Sitalaka inafalikira m'makampani ena, anthu anadzaza misewu, apolisi anaombera, anthu anafa. Panalibe yemwe anali ndi sheya ngakhale imodzi, msika wa masheyawo kampani yoyamba inalowapo mu 1996. Koma boma la Kamuzu linagwedezeka, malipiro anakwera, ndipo chaka chotsatira kunali referendamu. Mphamvu ya wantchito ndi kuika zida pansi. Izi zomavala jekete kupita kuhotela kukakweza mkono ndi zosewera za anthu okhuta.

Bambo a Tadala: Madala, ulemu wanu, palibe akutsutsa za 1992. Koma onani momwe zinthu zilili lero. Mu 2021 aphungu anasintha lamulo la Labour Relations, ndipo tsopano sitalaka ikapitirira masiku atatu pachaka bwana ali ndi ufulu wodula malipiro. MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni, inakana, koma lamulo linadutsa. Ndani angapirire sabata ziwiri osalandira, ufa uli pamtengo umenewu? Komanso theka la anthu pafakitale pathu si olembedwa ndi kampani, anabwera kudzera kwa kontrakitala. Ukawauza za yuniyoni amayang'ana pansi. Chida chakale chija chabuntha. Sindikuti tichitaye, ndikuti tifunenso china.

Madala a ku Chigumula: Chabuntha chifukwa simukuchinola.

Anaphiri: Ine ndinagulako timasheya tochepa m'kampani ina, ndipo kumsonkhano wapachaka ndimapita. Ndikuuzeni momwe zimakhalira kuti musamaganize zazikulu. Mumafika pahotela m'mawa, pakhomo pali tebulo, mumaonetsa chiphaso, amakupezani pamndandanda nkukupatsani kapepala kovotera ndi buku la lipoti lonenepa. Kutsogolo kwakhala a bodi, aliyense ndi botolo la madzi. Ife eni timasheya tating'ono ndi amene timadzaza mipando, ambiri ndi azigogo opuma pantchito. Nthawi ya mafunso ikafika manja amakwera ndithu, ndipo a MISALICO, bungwe la eni masheya ang'onoang'ono, amafunsa mafunso olasa: dividendi (gawo la phindu lomwe eni masheya amagawana) yachepa bwanji, malipiro a madairekitala akwera chifukwa chiyani. Wapampando amayankha mwaulemu, anthu nkuomba m'manja.

Kenako voti. Apa ndi pamene ndinatsegukira maso. Sawerenga anthu, amawerenga masheya. Pamzere wachiwiri pamakhala anyamata awiri atatu a masuti, sayankhula chilichonse msonkhano wonse, amangodina mafoni. Amenewo abwera ndi mafomu a proxy, owapatsa mphamvu yovota m'malo mwa makampani oyendetsa mathumba. Kapepala ka mmodzi wa iwo kamaposa holo yonse. Zotsatira zikamawerengedwa chilichonse chadutsa. Tikatero timapita kukamwa tiyi ndi masamusa, nkumakwera minibasi.

Bambo a Tadala: Ndiye anyamata a masutiwo ndi amene anyamula voti ya ndalama zathu?

Anaphiri: Eya, mbali ina ndi yanu. Ndipo sindikuwanena kuti ndi oipa. Palibe yemwe anawatuma kuti akafunse za anthu a kontrakitala kapena za ngozi zapantchito. Anawatuma kuti ndalama iswane, basi.

Mjomba wa ku Joni: Moni nonse kumudzi. Kuno ku South Africa nkhani imeneyi ndi yakale. Thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma, GEPF, ndi lalikulu kuposa ena onse mu Africa, ndipo ndalama zake zimayendetsedwa ndi kampani ya boma yotchedwa PIC. PIC ili ndi masheya pafupifupi m'kampani iliyonse yaikulu pamsika wa ku Johannesburg. Tsono mvetserani. Pa 16 August 2012 ku Marikana apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin omwe ankanyanyala ntchito pofuna malipiro. PIC inali ndi masheya mu Lonmin. Kutanthauza kuti ndalama za penshoni za aphunzitsi, anamwino ndi apolisi omwe zinali mumgodi momwemo. Mamembala a mayuniyoni mbali iyi, mamembala a mayuniyoni mbali inayo. Ndiye musaganize kuti kukhala ndi masheya kumasintha mtima wa kampani pakokha.

Madala a ku Chigumula: Mwamva? Si ndimanena.

Mjomba wa ku Joni: Dikirani madala, sindinathe. Mu December 2017 kampani ya Steinhoff inagwa zitadziwika kuti mabuku ake anali achinyengo, ndipo thumba la GEPF lija linataya mabiliyoni a marandi. Apa mayuniyoni anadzuka, nkuyamba kufunsa kuti oyang'anira ndalama zathu anali kuti. Kuno lamulo limapatsa mamembala ufulu wosankha theka la matrasti, anthu oyang'anira thumba lawo m'malo mwawo. Vuto ndi loti anthu amasankha munthu chifukwa amayankhula mokweza pamisonkhano, akafika mu bodi amupatsa mapepala a manambala okhaokha, iye nkungosaina. Mpando ulipo, koma wokhalapo sadziwa chofunsa.

Nachisale: Mfundo ya amjombayi ndi yomwe ine ndikuiona. Mnyamata wa suti uja amamvera kampani yoyendetsa ndalama. Kampaniyo imamvera matrasti, chifukwa matrasti ndi amene amailemba ntchito ndipo angathe kuichotsa. Matrasti amayenera kuimira mamembala. Ndiye khomo lolowera si kuhotela kwa Anaphiri kuja, khomo ndi matrasti. Tafunsani pano: ndani akudziwa dzina la trasti ngakhale mmodzi wa thumba lake?

Achimwene a ku Mbayani: Zii.

Mai a Chisomo: Ine ndimayesa trasti ndi kampani yomweyo.

Nachisale: Ambiri tili m'mathumba a chisakanizo, momwe makampani ambirimbiri amaponya pamodzi, ndipo m'menemo matrasti amakhala kutali ndi wantchito wamba. Makampani akuluakulu ena ali ndi thumba lawolawo, kumeneko nkosavuta kufikira matrasti. Koma kulikonse muli ndi ufulu wofunsa. Ku banki mkhonde mayi aliyense amadziwa amene wasunga bokosi, amene wasunga kiyi, ndi amene wabwereka. Tsiku lotsegula bokosi palibe amajomba. Koma kuno komwe kuli ndalama za moyo wathu wonse, sitidziwa ngakhale wosunga kiyi.

Achimwene a ku Mbayani: Chabwino, ndasiya nthabwala. Tiyerekeze kuti mwamupeza trastiyo, mwamuuza kuti akavote motsutsa. Mupambana bwanji? Illovo masheya opitirira magawo atatu mwa anayi ali m'manja mwa eni ake akunja, omwe pamwamba pawo pali Associated British Foods ya ku London. Airtel inagulitsa 20 pa 100 yokha mu 2020, zotsalazo ndi za kholo lake. Ngakhale mathumba onse a penshoni m'Malawi muno atagwirizana, mwini wamkulu akangokweza mkono nkhani yatha.

Anaphiri: Pamenepo mwalasa achimwene. M'makampani oterowo voti simungapambane. Koma si onse ali choncho, ena masheya ake ndi omwazikana. Ndipo ine ndaona ndi maso anga kuti bodi imaopa manyazi kuposa voti. Funso likafunsidwa pagulu atolankhani ali pomwepo, mawa lake lili m'nyuzipepala. Tsono likafunsidwa ndi gogo wa masheya ochepa amaliyankha ndi nthabwala. Litafunsidwa ndi thumba lokhala ndi gawo looneka, angayimbe foni msonkhano usanachitike nkomwe.

Wophunzira wa ku MUBAS: Ndilowererepo akuluakulu. Ku America mu 2021 kakampani kakang'ono kotchedwa Engine No. 1, komwe masheya ake mu ExxonMobil sankafika ngakhale 1 pa 100, kanakwanitsa kulowetsa anthu atatu mu bodi ya kampani ya mafutayo. Zinatheka bwanji? Mathumba a penshoni a aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ku California ndi ku New York anakaikira kumbuyo, kenako makampani akuluakulu osunga ndalama za anthu monga BlackRock anavotera ena mwa anthuwo. Ndiye zimatheka.

Madala a ku Chigumula: Mwana wanga, wantchito wa ku Exxon anapindulapo chiyani? Malipiro anakwera?

Wophunzira wa ku MUBAS: Nkhani yake inali ya kusintha kwa nyengo ndi kayendetsedwe ka kampani agogo, si malipiro. Koma chitsanzo cha antchito chilipo. Sitolo za zidole za Toys R Us zinagulidwa mu 2005 ndi makampani a KKR, Bain Capital ndi Vornado. Anagula ndi ngongole, ngongoleyo nkuisenzetsa kampani yomwe agulayo. Phindu linkathera kubweza chiwongoladzanja mpaka kampani inagwa mu 2017, ndipo mu 2018 sitolo za ku America zinatsekedwa, anthu pafupifupi 30,000 ntchito nkutha opanda chipukutamisozi. Sitalaka ikanathandiza chiyani sitolo zitatsekedwa kale? Antchitowo anapita kumisonkhano ya mathumba a penshoni omwe amapereka ndalama kwa KKR ndi Bain, nkukaima pamaso pa matrasti kufotokoza zomwe zawachitikira. Mapeto ake makampani awiriwo anaika madola 20 miliyoni oti agawire antchito. Zinali zochepa poyerekeza ndi zomwe ankafuna, koma popanda zimenezo sakanalandira kanthu.

Bambo a Tadala: Apa ndiye pamene pali mtima wa nkhani. Bwana yemwe timakambirana naye patebulo masiku ano alibe mphamvu. Ukamuuza za malipiro amati bajeti inachokera kumwamba, eni masheya akufuna phindu lakuti. Kale mwini fakitale unkamudziwa, galimoto yake unkaiona pageti. Lero mwini wake ndi manambala, ndipo ukawatsatira manambalawo ukupezamo ndalama yako yomwe.

Nachisale: Koma tisanamizane bambo a Tadala, pali minga apa. Chaka chomwe masheya a mabanki akwera, sitetimenti yanu imasangalatsa, bonasi ya penshoni imanona. Mabankiwo phindu lalikulu amalipeza pobwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera, ndi kwa inu nomwe mukakatenga ngongole ya pamalipiro. Boma limabweza ndi misonkho yanu. Ndiye mukati banki itsitse chiwongoladzanja kapena ikweze malipiro a olondera ndi okolopa, dividendi itsika, penshoni yanu ikula pang'onopang'ono. Muli okonzeka? Chifukwa trasti adzakuuzani kuti ntchito yake mwa lamulo ndi kuteteza ndalama za mamembala, osati kukonza dziko.

Bambo a Tadala: Ine ndine wokonzeka. Malipiro ndimadya lero, ana ali pasukulu lero.

Anaphiri: Inu muli ndi zaka zingapo kutsogolo. Amene watsala ndi chaka chimodzi kuti apume sangayankhe choncho. Ngakhale ine dividendi ikachepa ndimadandaula, ndisakunamizeni.

Madala a ku Chigumula: Ndi zomwe ndikukana ine. Akupatsani kasheya kuti mtima ugawike pawiri. Mnzako akanyanyala ntchito iwe uzidandaula kuti penshoni yanga itsika. Ameneyo ndi msampha.

Mjomba wa ku Joni: Madala, msampha kapena ayi, tili kale m'katimo. Lamulo silikufunsani ngati mukufuna penshoni. Ndalama ikudulidwa, ikugula masheya, wina akuvota nayo. Kukhala chete sikukutulutsani.

Mai a Chisomo: Ine mantha anga ndi ena. Kwacha anaigwetsa ndi 25 pa 100 mu May 2022, nkudzaigwetsanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mitengo ya zinthu mukuidziwa nokha. Ndalama yomwe ndikusunga lero idzagula chiyani ndikadzapuma? Mchemwali wanga anakwatiwa ku Bulawayo, apongozi ake anagwira ntchito moyo wawo wonse, koma ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala mu 2008 penshoni yawo inangosungunuka. Bwanji osangotipatsa ndalama zathu tigule malata ndi poloti?

Nachisale: Kulira kumeneko ndi komwe kunachititsa kuti lamulo lisinthidwe mu 2023. Tsopano popuma umatha kutenga theka la ndalama nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 pa 100, ndipo ntchito ikatha sudikiranso miyezi isanu ndi umodzi kuti upemphe, ndi itatu. Koma taonani mayi, mayuniyoni mphamvu zawo zonse anathera pa nkhani yoti titenge zingati ndipo liti. Zoti ndalamazo zikugwira ntchito yanji pamene zili m'katimo, sindinamvepo wina akukuwa. Ndipo mantha anu a kugwa kwa kwachawo yankho lake lili komweko. Thumba likaika zochuluka m'mapepala a boma pa chiwongoladzanja chotsika kuposa kukwera kwa mitengo, mukuluza mwakachetechete. Amene amavomereza kagawidwe kameneko ndi matrasti omwe aja.

Mjomba wa ku Joni: Kuno anayamba njira ya miphika iwiri pa 1 September 2024, gawo lina umatha kutapa kamodzi pachaka, lina limadikira ukalamba. Anthu anathamangira kutapa, ambiri kukabweza ngongole. Sindikuwaweruza, inenso ndinaganizapo.

Achimwene a ku Mbayani: Nanga ife a kabaza ndi ogulitsa mu Limbe muno, opanda peyisilipi, nkhaniyi ikutikhudza pati? Anthu a penshoni m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Mukukangana za nyama ife tilibe ndi mbale yomwe.

Wophunzira wa ku MUBAS: Ikukukhudzani achimwene. Ndalama zomwezo ndi zomwe zimamanga nyumba za maofesi ndi mashopu, ndi zomwe boma limabwereka. Zikanatha kumanga nyumba zotsika mtengo kapena misika yabwino ngati eni ndalama akanafuna.

Nachisale: Apo pokha ndikuchenjezeni mwana wa sukulu. Mawu oti ndalama za penshoni zitukule dziko andale amawakonda kwambiri. Mawa mudzamva kuti thumba lagula chinyumba pamtengo wowirikiza chifukwa mwini wake ndi mnzake wa wina. Ku Britain Robert Maxwell, mwini nyuzipepala, atamwalira mu 1991 zinadziwika kuti anatapa mapaundi mamiliyoni mazanamazana m'thumba la penshoni la antchito ake a Mirror Group. Kumeneko nkomwe kuli malamulo okhwima. Ndiye ine chitukuko ndichiike pambali kaye, ndiyambe ndaona mabuku.

Bambo a Tadala: Chabwino. Ine ndikuona kuti tilembe kalata ngati nthambi, ipite kwa matrasti a thumba lathu, ina ku likulu la yuniyoni. Tifunse mayina a matrasti ndi momwe anasankhidwira, mndandanda wa makampani omwe muli ndalama zathu, ndi momwe anavotera m'misonkhano ya chaka chathachi, makamaka pa malipiro a mabwana. Tifunsenso mabwana omwe sakutumiza ndalama, kuti nkhani ngati ya Mai a Chisomo isamadziwike patapita zaka.

Anaphiri: Onjezanipo ndalama zomwe oyendetsa thumba amadula ngati malipiro awo. Zimaoneka zochepa papepala, koma amadula chaka chilichonse, thumba lipindule kapena lisapindule.

Madala a ku Chigumula: Lembani. Akakuyankhani ndi kabuku kokongola kachingerezi mudzandipeza. Koma pakalatapo musasaine anthu atatu. Zungulirani fakitale yonse, ndi a kontrakitala omwe, aliyense aikepo dzina. Akaona mayina mazana adziwa kuti kumbuyo kwa pepalali kuli anthu omwe angathe kuzimitsa makina.

Achimwene a ku Mbayani: Madala alowa m'bwalo mochenjera kikiki.

Madala a ku Chigumula: Sindinalowe. Ndikungokuphunzitsani kulemba kalata.

Nachisale: Ine ndilemba usiku uno magetsi akapanda kuzima, nditumiza pano kuti mukonze. Bambo a Tadala, ndijambulireni tsamba la kumbuyo la sitetimentilo, muphimbe dzina ndi nambala yanu. Ndikufuna ndione ngati thumba lanu ndi la kampani yanu yokha kapena la chisakanizo, chifukwa kalatayo ipita kosiyana.

Mai a Chisomo: Yangayonso mundithandize achemwali. Mapeyisilipi ena ananyowa ndi mvula, koma manambala akuoneka.

Nachisale: Bweretsani momwe aliri, tikajambulitsa ku Limbe.